Gracile: ndi kukongola kapena ndi kuonda?

Funso lafika chonchi, ndangolifupikitsa pang'ono: "Aphunzitsi, ndine mnyamata, ndili chaka choyamba ku sukulu ya unamwino. Mu manotsi a anatomy ndinapeza mawu oti gracile nde ine ndimaona ngati ndi m'bale wake wa graceful. Ndinamulembera mnzanga wamkazi pa WhatsApp kuti you look so gracile today, iye anakafufuza pa foni n'kupeza kuti akuti thin, pano wakwiya sakundiyankha chifukwa wangochira kumene malungo ndipo anthu akhala akumunena kuti waonda. Walakwitsa ndine kapena ndi dikishonale yakeyo? Nanga mawuwa amagwira ntchito bwanji kwenikweni?"

Achimwene, ndiyambe ndi zowawazo: dikishonale ya mnzanuyo siyinaname. Gracile tanthauzo lake loyamba ndi kuchepa thupi, chinthu chachitali choning'a, chopepuka, cha mafupa ang'onoang'ono. Koma inunso simunatukwane ayi, chifukwa kuchepa thupi komwe gracile amanena si kuonda kwa munthu amene wadwala kapena wagona ndi njala. Ndi kapangidwe ka thupi, mmene munthu kapena nyama inabadwira. Kakowa uja mukamuona ali m'dambo ndi timiyendo take tija ndi kakhosi kotalika, olo adye nsomba tsiku lonse akhalabe choncho, ameneyo ndiye gracile. Ng'ombe yomwe yaonda mu Okutobala chifukwa msipu wauma, nthiti zikuoneka, imeneyo si gracile, yangoonda basi, mvula ikagwa inenepanso. Kusiyana kumeneku mukakugwira, zonse zomwe ndilembe m'munsimu ziyenda mosavuta.

Tsono za chibale chomwe mumachiganizira chija. Mawu awiriwa, gracile ndi graceful, akufanana nkhope koma ndi a midzi yosiyana. Gracile anachokera ku mawu a Chilatini oti gracilis, omwe amatanthauza chochepa thupi, chopyapyala, nthawi zina ngakhale chinthu wamba chopanda zokometsera. Graceful anachokera ku grace, ndipo grace anachokera ku gratia, kutanthauza chisomo, kukoma mtima, chinthu chokondweretsa, ndipo gratitude ndi grateful ndi a banja lomwelo. Zili ngati kwathu kuno kuona ndi kuonda, chilembo chimodzi chokha chasiyanitsa koma palibe amene anganene kuti ndi mawu amodzi. Nde chomwe chinachitika nchoti Angerezi eni akewo, kwa zaka zambiri, akhala akusokonezeka ngati mmene mwasokonezekera inumu, olemba ndakatulo ndi nkhani anayamba kulemba gracile akufuna kunena munthu wochepa thupi mokongola, mpaka madikishonale ambiri lero analandira tanthauzo lachiwirilo, mukatsegula mupeza slender poyamba kenako gracefully slender kapena graceful pambuyo. Ndiye kulakwitsa kwanu ndi kwakale, ndipo mbali ina kunavomerezedwa.

Koma maganizo anga ndi awa, ndipo ndimawauza ophunzira anga mosabisa: osagwiritsa ntchito gracile pamalo pomwe palibe kuchepa thupi. Mayi wathupi ndithu, wodzadza bwino, akuvina chimtali mwaluso chiuno chikumvera ng'oma, ameneyo ndi graceful, koma kumutcha gracile ndi bodza. Munthu wopepesa mwaulemu wachita zinthu graceful kapena gracious, palibe chinthu ngati gracile apology. Kukongola mu gracile ndi mlendo wongobwera, mwini nyumba ndi kuchepa thupi.

Katchulidwe, poti mukakatchula molakwika mu kalasi zimachititsa manyazi. Mbali yoyambayo si "grei" ngati mu grace, ndi "gra" wokhala ndi a yemwe ali mu cat. Ku Britain amati GRA-sayil, ku America ambiri amati GRA-sil, chimodzimodzi mmene amasiyanirana pa fragile ndi fertile. Zonse ndi zolondola, ife sukulu zathu zimatsatira kwambiri Chingerezi cha ku Britain nde GRA-sayil ndi yabwino.

Poti inu muli ku unamwino tiyeni tiyambe ndi komwe munawapezako. Mkati mwa ntchafu muli mnofu wotchedwa gracilis, wautali wopyapyala ngati lamba, umayambira pa fupa la kutsogolo kwa chiuno n'kutsika mpaka kukagwira m'munsi pang'ono mwa bondo, chamkati. Ntchito yake ndi kuthandiza kubweretsa miyendo pamodzi komanso kupinda bondo. Anautcha choncho chifukwa cha maonekedwe basi, palibe zokongola zilizonse pamenepo, ndi nyama yopyapyala. Ndipo chosangalatsa nchoti poti pali minofu ina ikuluikulu yogwira ntchito yomweyo, madokotala a opaleshoni amatha kuutenga gracilis uja osamulemaza munthu, mtsempha wake amakakonzera bondo la osewera mpira likaduka mkati, ndipo mnofu weniweniwo amatha kukauika kumaso kwa munthu amene mbali imodzi ya nkhope inafa kuti azithanso kumwetulira. Mukafika pa phunziro la ubongo ndi msana mudzakumananso ndi fasciculus gracilis ndi nucleus gracilis, kanjira koning'a ka mitsempha kumbuyo kwa msana komwe kamanyamula uthenga wa kukhudza ndi wa pomwe mwendo uli kuchokera kumunsi kwa thupi kupita ku ubongo. Mnzake wa mikono amatchedwa cuneatus. Ndipo wa X-ray akalemba kuti gracile bones akutanthauza kuti mafupa aatali aja ndi opyapyala kuposa mmene amayembekezera, monga zimaonekera kwa ana ena obadwa ndi matenda a mafupa osachedwa kuthyoka. Chenjezo limodzi laling'ono, mukadzaona GRACILE syndrome yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu musadzaganize kuti ndi mawu omwewa, amenewo ndi chidule, chilembo chilichonse chikuimira chizindikiro chake, ndi matenda osowa a makanda omwe amapezeka makamaka ku Finland.

Koma komwe mawuwa ali ndi moyo weniweni, komwe amatchulidwa tsiku ndi tsiku, ndi kwa akatswiri ofukula mafupa akalekale, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pomwe tanthauzo limaonekera bwino kwambiri. Mu 1924 ku Taung, South Africa, anthu ophwanya miyala ya laimu anapeza kachigaza ka mwana, Raymond Dart n'kukafufuza ndipo mu 1925 anakatcha Australopithecus africanus, mtundu wina wa abale akalekale a munthu. Mu 1938 ku Kromdraai, komweko ku South Africa, mwana wa sukulu anapeza mafupa a cholengedwa chofanana nacho koma cha nsagwada zikuluzikulu ndi mano akumbuyo otakata, Robert Broom n'kuchitcha Paranthropus robustus. Mu 1959 Mary Leakey anapeza ku Olduvai Gorge ku Tanzania china cha mano aakulu kuposa pamenepo, chomwe lero timachitcha Paranthropus boisei. Nde akatswiri anafuna mawu awiri osiyanitsira magulu awiriwa, ndipo anatenga robust, kutanthauza chojintcha, ndi gracile. Lucy, Australopithecus wamkazi yemwe mafupa ake anapezeka ku Hadar, Ethiopia mu 1974, wa zaka pafupifupi 3.2 miliyoni, ali m'gulu la gracile limodzi ndi mwana wa ku Taung.

Apa mvetsetsani bwino, chifukwa ophunzira ambiri amagwa pomwepa. Akati gracile australopithecine sakunena kuti anali woonda thupi kapena kuti amayenda monyang'wa, ndipo akati robust sakunena kuti chinali chimphona. Matupi awo sanasiyane kwambiri kukula. Kusiyana kunali pa mutu: wa robust anali ndi nsagwada yochindikala, mano otafunira aakulu, nkhope yotambalala, ndipo amuna ambiri anali ndi kamzere ka fupa pamwamba pa chigaza ngati lipombo la tambala pomwe pamagwira minofu yotafunira. Wa gracile zonsezi zinali zocheperako, zopepukirako. Ndiye mukuona kuti gracile ndi mawu oyerekeza, amafuna mnzake woti ayime naye pambali. Chinthu chimakhala gracile poyerekeza ndi china chofanana nacho chomwe ndi chojintcha.

Ndipo nkhaniyi si yakutali ndi ife. Ku Karonga, pamalo otchedwa Uraha, mu 1991 gulu lotsogoleredwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya m'munsi ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni yomwe anaiika m'gulu la Homo rudolfensis, mtundu wina wa anthu akalekale, ndipo patapita zaka zingapo ku Malema, kufupi ndi Karonga komweko, anapeza chidutswa cha nsagwada ya m'mwamba ndi mano a Paranthropus boisei, wa robust uja. Mukadzapita ku myuziyamu ya ku Karonga, komwe amaonetsa Malawisaurus, chinyama chachikulu chakalekale cha mtundu wa dinosaur, nkhani imeneyi amaifotokoza, ndipo mukamawerenga zolembedwa za malo amenewa mawu awiriwa, robust ndi gracile, mudzakumana nawo ndithu. Ifenso anthu a lero akatiyerekeza ndi a Neanderthal, anthu akalekale omwe ankakhala ku Ulaya, mafupa athu amati ndi gracile, olo munthu akhale wonenepa bwanji, chifukwa akunena za fupa osati mafuta. Munthu wa makilogalamu 120 akhoza kukhala ndi gracile skeleton, apa nde mukuona kuti thin wa pa foni ya mnzanu uja sakukwanira kufotokoza mawuwa.

Pa nyama ndi zomera ndingodutsa mwachangu. Bonobo wa ku DRC nthawi zina amamutcha gracile chimpanzee poyerekeza ndi chimpanzi wamba, anyani a capuchin a ku South America anawagawanso pawiri, gracile ndi robust. Ndipo mukaona dzina la sayansi lothera ndi gracilis kapena gracile, monga Euglena gracilis, kachilombo ka m'madzi ka mu biology kaja, dziwani kuti amene anatcha dzinalo anaona kuti mtundu umenewu ndi woning'a kuposa abale ake.

Tsopano tibwerere kwa mnzanu wakwiyayo, chifukwa vuto lenileni siliri mu Chilatini. Chingerezi chili ndi mawu ambirimbiri onena za kuchepa thupi ndipo aliwonse amanyamula mtima wake. Slim ndi slender ndi oyamikira, munthu wa ku London mukamuuza kuti you look slim amasekerera. Lean ndi wa munthu wopanda mafuta koma wamphamvu, ngati othamanga mitunda italiitali kapena anyamata a kabaza. Thin ali pakatikati koma amapendekera ku kudandaula. Skinny ndi wa m'macheza, pena amaseka naye pena amanyoza. Scrawny ndi wonyoza ndithu, ngati nkhuku yopanda nyama. Gaunt amanena makamaka nkhope, masaya olowa, maso olowa, munthu amene wadutsa m'matenda kapena m'chisoni chachikulu. Emaciated ndiye mafupa okhaokha, njala kapena matenda aakulu. Gracile pa mzere umenewu ali pafupi ndi slender, koma wavala jekete ya mu labu, ndi mawu a m'mabuku, ozizira, osakhala a m'macheza. Ndikuuzeni zoona, olo Mngerezi wobadwira ku Manchester mutamuuza kuti you look gracile, mwayi waukulu ndi woti angokuyang'anani kapena akafufuza pa foni ngati mmene anachitira mnzanuyu.

Nde onjezanipo kuti inu munalembera Mmalawi. Kwathu kuno munthu akabwera kuchokera ku tauni kapena ku Joni, azakhali amamulandira ndi mawu oti "koma nde mwanenepa, zikukuyenderani eti" ndipo ameneyo ndi malonje abwino. Koma "mwaondatu" ndi funso lobisika, akufunsa kuti mukudwala, kapena kubanjako kuli mavuto, kapena ndalama zavuta. Amene tinakula zaka za m'ma 1990 tikukumbuka mmene mawu oti kaliwondewonde ankapwetekera, munthu kungotsika thupi pang'ono anthu ayamba kale kunong'onezana ku maliro ndi ku chitsime, ndipo ku Uganda matenda omwewo anachita kuwatcha slim. Mankhwala anabwera, zinthu zinasintha, atsikana ambiri a m'tauni lero amafuna kuchepetsa thupi ndipo amapita ku jimu, koma chilonda chija sichinapoleretu, makamaka kwa munthu amene wangodzuka pa mphasa ndipo aliyense akumuyang'ana ndi diso lachifundo. Mnzanuyo atawona thin pa sikirini, sanawerenge Chingerezi, anamva "waonda" m'Chichewa, ndipo anamva kuchokera kwa munthu amene amayembekezera kuti amulimbitsa mtima. Sindikumuona wolakwa ngakhale pang'ono.

Chichewa chathu nachonso chimasiyanitsa bwinobwino zinthuzi, kungoti sitimaziganizira. Kuonda ndi kutsika thupi, kumanena kuti poyamba munali ndi thupi. Wochepa thupi kapena wathupi laling'ono ndi chibadwa, palibe chodandaulitsa. Kupyapyala timanena nsalu, pepala, thabwa. Kuning'a timanena chinthu chopanikizika pakati ngati chiuno cha mavu. Kunyentchera ndi kwa mwana wosowa zakudya, kupinimbira ndi kusakula msinkhu. Mutandifunsa kuti gracile ndimumasulire bwanji, pa munthu ndinganene kuti wochepa thupi mwachibadwa, wa mafupa ang'onoang'ono, pa fupa kapena mnofu ndinganene kuti chachitali chopyapyala. Woonda sindingamuikepo.

Ndipo ichi chikukhudza ntchito yanu yeniyeni, chonde chigwireni. Mukadzakhala mu wodi ya ana, mwana wabwera mikono ngati timitengo, tepi yoyezera mkono ija yalowa pofiira kutanthauza pansi pa masentimita 11.5, musadzalembe mu fayilo kuti gracile child poganiza kuti mukulemba Chingerezi chapamwamba. Mawu ake ndi wasted, kapena severe acute malnutrition, mawu omwe aliyense wowerenga adziwa kuti mwanayu akufunika chiponde kapena kugonekedwa lero lomwe. Mukalemba gracile, wobwera pa shifiti yotsatira akhoza kumva kuti mwanayo ndi wochepa thupi mwachibadwa, palibe chachangu. Ndinaonapo ripoti la wophunzira wina lomwe analemba motero za wodwala TB wamkulu amene anali atataya thupi kwambiri, cholinga chake chinali ulemu, sanafune kulemba emaciated poopa kuti zikumveka zankhanza, koma mu fayilo ya wodwala ulemu waukulu ndi kulemba zomwe zilipo.

Kagwiritsidwe kake mu chiganizo sikovuta. Ndi adjective, nde amabwera patsogolo pa dzina kapena pambuyo pa is ndi are. Mukhoza kulemba kuti the egret stood on long, gracile legs, kapena the female skull is usually more gracile than the male, kapena her fingers were gracile but strong. Onani kuti timati more gracile ndi most gracile, kulibe graciler. Dzina lake ndi gracility, ndipo akatswiri a mafupa ali ndi gracilisation, kutanthauza kupepuka pang'onopang'ono kwa mafupa a mtundu wina pakadutsa mibadwo yambiri. Amakonda kuyenda ndi mawu ngati bones, limbs, build, skull, jaw, neck, fingers, stem. Samayenda bwino ndi today kapena these days ngati mmene munalembera inu, chifukwa kapangidwe ka mafupa sikasintha Lolemba ndi Lachiwiri, nde you look gracile today imamveka ngati mukunena kuti lero mwachepa kuposa dzulo, zomwe ndi zomwezo mnzanuyo amaopa kumva. Sitinenanso gracile soup kapena gracile book kapena gracile chance, apo ndi thin ndi slim basi.

Poti mukuoneka kuti mumakonda mawu osowa, pali lina losowa kuposa gracile lomwe limanena kuonda kwenikweni kuja, ndi macilent. Limachokera ku Chilatini macer, kutanthauza woonda, komwenso kunachokera emaciated ndi meagre, ndipo abale athu a ku Tete ndi Angónia alizindikira msanga chifukwa magro wa Chipwitikizi ndi wa banja lomwelo. Macilent ndi munthu wofooka, wouma, wotha thupi. Koma ili nde musalilembe paliponse pokhapokha mukusewera masewera a mawu, anthu ambiri olankhula Chingerezi chibadwire sanalimvepo. Pa mayeso kapena mu ripoti, emaciated akugwira ntchito yomweyo ndipo aliyense amamumva. Gracile yekha ndi amene ndinganene kuti muphunzireni ndithu, chifukwa mu anatomy ndi mu sayansi ya mafupa alibe wolowa m'malo mwake weniweni, slender amayandikira koma sanyamula kuyerekeza ndi robust kuja.

Za mnzanuyo, ine ndikanakhala inu sindikanamutumizira sikirinishoti ya dikishonale yosonyeza tanthauzo lachiwiri lija kuti ndiwine mlandu, zimenezo zingowonjezera moto. Muimbireni foni kapena mupite mukamuone, mulankhule Chichewa, mumuuze kuti munatenga mawu mu manotsi a sukulu musanawamvetse, mumafuna kunena kuti amaoneka bwino ndipo mwasangalala kuti wachira. Mukafuna kudzamulemberanso m'Chingerezi, you look well ndi mawu omwe Angerezi amauza munthu amene wangochira kumene, kapena you look lovely, ndipo graceful musungireni tsiku lomwe mudzamuone akuvina.